Mbiri ya George Washington Carver, Sing'anga wa Zomera

Abale, mwezi uno tikuuzani mbiri ya munthu wakuda wa ku America, dzina lace George Washington Carver, amene anamwalira caka ca 1943. Iye anabadwa kapolo, nakhala wamasiye asanaleke kuyamwa. Koma pa kufa kwace dzina lace linali litamveka m'dziko lonse lija, monga munthu wodziwa zomera ndi nthaka. Sitifotokoza kwambiri za kumveka kwaceko, koma za njira imene anayendamo pofuna maphunziro, ndi cimene anacita nao atawapeza. Pakuti anyamata ambiri ayesa kuti sukulu ndiyo khomo lothawira khasu. Munthu uyu anafuna sukulu zaka pafupifupi 20, ndipo m'mene anaitsiriza ananka kwa anthu a khasu, nakhala nao kufikira imfa.

KUBADWA KWACE

Kale anthu akuda ambiri a ku America anali akapolo. Makolo ao anagwidwa kuno ku Africa, naolotsedwa nyanja m'zombo, nagulitsidwa kwa eni minda. M'cigawo ca Missouri, pafupi ndi mudzi wa Diamond, munali Mzungu wina mlimi, dzina lace Moses Carver, ndi mkazi wace Susan. Iwo analibe mwana. Caka ca 1855 Moses anagula mtsikana, dzina lace Mary, ndi madola 700. Mary ameneyo ndiye anabala George, ca m'caka ca 1864. Tsiku lace silinalembedwa m'buku, pakuti kubadwa kwa mwana wa kapolo sikunayesedwa kanthu. Atate wace anali kapolo wa pa munda wina wapafupi, nafa m'ngozi nyengo yomweyo.

Masiku amenewo kunali nkhondo yaikuru pakati pa anthu a kumpoto ndi a kumwera a dziko lomwelo, kuyambira 1861 kufikira 1865, ndipo mutu wa mlandu wao unali ukapolo. Acifwamba anacuruka m'midzi. Usiku wina iwo anafika kwa Moses, naba Mary ndi khanda lace, namuka nao ku cigawo ca Arkansas. Moses anatuma munthu wina, John Bentley, kuti awalondole. Iyeyu anabwera ndi mwana yekha, alikudwala cifuwa cokoka mtima. Koma Mary sanaonekanso. Mphotho ya Bentley inali kavalo. Cotero munthu amene pambuyo pace analankhula pamaso pa akuru a boma, anaomboledwa ndi kavalo mmodzi.

Caka ca 1865 ukapolo unatha, ndipo Moses ndi Susan analera George ndi mkuru wace Jim m'nyumba mwao. Jim anali wamphamvu, nagwira nchito ya ku munda; koma George anali wofoka ndi wodwaladwala, natsala pakhomo ndi Susan. Kumeneko anaphunzira kuphika, kusoka, kucapa ndi kusita. Nchito zimenezi anyamata ena akadacita nazo manyazi; koma ndizo zinamdyetsa ndi kumlipirira sukulu zaka zambiri.

Akatha nchito ankalowa m'thengo yekha. Anali ndi kamunda kace kobisika, m'mene anaokamo maluwa ndi zitsamba, nayang'anira comera ciri conse, kuti adziwe cimene cikonda mthunzi ndi cimene cikonda dzuwa, ndi cifukwa cace tsamba lina lifota. Anansi anayamba kubwera nazo kwa iye zomera zao zodwala, ndipo anampatsa dzina lakuti sing'anga wa zomera, akali mwana. Iye mwini anasimba atakalamba kuti ali wa zaka ngati 10, mnyamata wina Mzungu anamfotokozera za kupemphera. Ndipo atacoka mnzaceyo, anagwada yekha m'nkhokwe, napemphera koyamba.

ULENDO WOFUNA SUKULU

Susan anamphunzitsa zilembo m'kabuku kamodzi kamene kanali m'nyumbamo. Koma kabukuko sikanayankha mafunso ace. Sukulu ya pa Diamond inakana ana akuda. Tsono ali wa zaka ngati 12 anatsazika, nayenda pansi mamailosi 8 kunka ku Neosho, kumene kunali sukulu ya ana akuda. Anafika kutada, osadziwa munthu, nagona m'khola. M'mawa mwace anampeza mai wina wakuda, mzamba, dzina lace Mariah Watkins; iye ndi mwamuna wace Andrew analibe ana, namlandira kuti akhale nao ndi kuthandiza nchito za pakhomo. Pomfunsa dzina, mnyamatayo anati ndiye George wa Carver, monga anenera akapolo, ngati katundu wa mwini. Maiyo anamletsa, namuuza kuti kuyambira tsiku lomwelo akhale George Carver. Anampatsanso Buku Lopatulika, nanka naye ku mapemphero, namlangiza kuti aphunzire zonse zimene akhoza, ndi kukazipereka kwa anthu a mtundu wace. Akuru anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mai ameneyu anacita monga mwa mwambiwo.

Posacedwa George anaona kuti mphunzitsi wa pa Neosho analibe zambiri zomphunzitsa, namuka ku cigawo ca Kansas, ku mudzi wa Fort Scott. Kumeneko, mwezi wa March caka ca 1879, anaona cinthu coopsa: khamu la Azungu linaturutsa munthu wakuda m'ndende, nimupha popanda mlandu kuweruzidwa, nitentha mtembo wace poyera. George anathawa m'mudzimo, ndipo cimene anaonaco sicinacoka m'mtima mwace moyo wace wonse.

Zaka zotsatira anayendayenda m'midzi ya Kansas, ku Olathe, ku Paola, ndi ku Minneapolis. Kacitidwe kace kanali kotere: ankacapa zobvala za anthu ndi kuphika kufikira atapeza ndarama za mabuku, nalowa sukulu; zikatha ndarama, naturuka kukagwiranso nchito. Pa Minneapolis anakhala ndi banja la Lucy Seymour ndi mwamuna wace, nalowa Mpingo wa Presbyterian. Ali komweko anamva kuti Jim mkuru wace wafa ndi nthomba.

Caka ca 1885 analemba kalata kupempha malo pa sukulu yaikuru ya pa Highland, ndipo anamyankha kuti adze. Anataya ndarama zace pa ulendo. Koma m'mene anafika, akuru a sukulu anaona nkhope yace, namkana cifukwa anali wakuda. Tinena ici ndi manyazi, pakuti sukuluyo inali ya Mpingo wa Presbyterian, Mpingo womwewo umene iye analowa. Anthu amene anaphunzitsa kuti Mulungu alibe tsankhu, anatseka citseko pamaso pa mbale wao. Ambiri akadataya sukulu ndi cikhulupiriro comwe tsiku limenelo. George sanataya cikhulupiriro. Koma mtima wace unasweka, ndipo zaka 5 sanagogodanso pa khomo la sukulu.

Caka ca 1886 ananka kumadzulo kwa Kansas, m'dera la Ness, kumene boma linalikugawira anthu malo, natenga maekala 160. Dzikolo linali lopanda mitengo, la mvula yocepa ndi cisanu coopsa. Anamanga nyumba ya zibuma za dothi ndi udzu, nabzala cimanga ndi mitengo ya zipatso, nasonkhanitsa miyala ndi zomera za m'cipululu, nalemba zithunzi za maluwa. Mundawo sunampindulira, ndipo anausiya; koma anaturukamo atadziwa m'thupi mwace kusauka kwa mlimi wa nthaka youma, cimene mabuku sakadamphunzitsa.

ZITSEKO ZITSEGUKA

Anafika ku Winterset, m'cigawo ca Iowa, nagwira nchito yophika m'nyumba ya alendo. Tsiku lina Lamulungu, mai wina Mzungu, Helen Milholland, anamva mau ace poyimba m'kacisi, natuma mwamuna wace, dotolo John Milholland, kuti amuitane kwao. Banja limeneli linaona nzeru zace, nilimkakamiza kuti ayesenso sukulu yaikuru. Caka ca 1890 analowa Simpson College, sukulu ya Mpingo wa Methodist pa Indianola, ali wa zaka ngati 26. Ndipo kumeneko sanamkana. Atalipira ndarama za sukulu anatsala ndi masenti 10 okha, nagula ufa wa cimanga ndi mafuta a ng'ombe, nayamba kucapira ophunzira anzace zobvala.

Pa Simpson anaphunzira kuyimba limba ndi kulemba zithunzi. Mphunzitsi wace wa zithunzi, Etta Budd, anaona kuti zithunzi zace za zomera zinali zoona m'tsamba liri lonse ndi m'muzu uli wonse. Anadziwanso kuti munthu wakuda sakadatha kudya ndi luso la zithunzi masiku amenewo. Atate wace, Joseph Budd, anali mphunzitsi wa za mitengo ya zipatso pa sukulu yaikuru ya ulimi ya cigawo ca Iowa, pa mudzi wa Ames. Tsono anamlangiza kuti anke kumeneko. Kunamwawa George kusiya zithunzi, pakuti anazikonda ndithu. Koma analingalira kuti nzeru za ulimi zidzathandiza anthu ace koposa, namuka caka ca 1891.

Pa Ames iye anali wophunzira wakuda woyamba. Poyamba sanamlola kugona m'nyumba ya ophunzira, kapena kudya nao pamodzi. Anadya m'cipinda ca pansi ndi anchito. Mai wina Mzungu wa ku Indianola, pakumva ici, anakwera sitima, nadza, nadya naye m'cipinda ca pansico, nayenda naye poyera tsiku lonse. Pang'ono ndi pang'ono mitima inatembenuka. Analowa msonkhano wa anyamata Acikristu, nakhala mmodzi wa atsogoleri ao, napemphera kawiri kawiri pamodzi ndi mphunzitsi wina, James Wilson, amene pambuyo pace anakhala nduna ya ulimi ya dziko lonse, kuyambira 1897 kufikira 1913. Caka ca 1894 analandira digiri yace yoyamba, atalemba kalata yaitali yofotokoza m'mene munthu asinthira zomera, mwa kumezanitsa mitengo ndi kutenga mungu wa duwa lina kuupaka pa lina.

NCHITO YA KUFUFUZA

Aphunzitsi ace, Joseph Budd ndi Louis Pammel, sanafuna kuti acoke. Anampempha atsale zaka zina ziwiri kufuna digiri yaciwiri, nampatsa nchito yothandiza Pammel, ndi yoyang'anira nyumba ya magalasi m'mene alereramo zomera nyengo ya cisanu. Motero anakhalanso munthu wakuda woyamba kuphunzitsa pa sukuluyo.

Apa tifotokoze kusiyana kwa maphunziro awiriwa. Wophunzira wamba awerenga zimene ena analemba, nazisunga m'mutu. Koma wofufuza afuna zimene sizinalembedwe. Aona ndi maso ace, ayesa, abwerezanso kuyesa, ndipo salemba kanthu kufikira atatsimikiza. Pammel anali katswiri wa nthenda za zomera, ndipo Carver anatsata mapazi ace. Ankauka kusanace, nayenda m'minda ndi m'thengo, natola masamba a mawanga, mapesi a dzimbiri ndi makungwa a cuku. Pobwera anaziika pansi pa galasi lokuza zinthu zazing'ono, nalemba dzina la comera, malo ndi tsiku, naziumitsa pakati pa mapepala. Nthenda zambiri za mbeu zicokera kwa tamoyo tating'ono ta mtundu wa bowa, timene tidya tsamba lamoyo. Fumbi lao liuluka ndi mphepo, kapena limwazika ndi madontho a mvula, nilifika pa munda wina. Wodziwa ici sanena kuti mnansi wamlodzera munda. Afuna mtundu wa nthendayo ndi njira yoiletsa. Carver anasonkhanitsa zitsanzo zotere ngati 1,500, nalemba pamodzi ndi Pammel makalata ofotokoza zimene anapeza. Kuona maso a nkhono nkudekha; ndipo kudekha kumeneko anakuphunzira ali mwana m'kamunda kace ka m'thengo.

Pa maulendo ena anatsagana naye kamnyamata, mwana wa mphunzitsi wina, dzina lace Henry Wallace, ndipo Carver anakasonyeza ziwalo za maluwa a udzu. Mwanayo atakula anakhala nduna ya ulimi, ndipo kuyambira 1941 kufikira 1945 anali waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko la America. Sanaiwala amene anamtsegula maso. Caka ca 1896 Carver analandira digiri yaciwiri, ali wa zaka ngati 32.

KUITANIDWA KU TUSKEGEE

Tsopano anali pabwino. Anali ndi nchito yolemekezeka, mabuku, zipangizo, ndi abwenzi omkonda. Pamenepo inafika kalata yocokera kwa Booker T. Washington, amenenso anabadwa kapolo, nayambitsa sukulu ya anthu akuda pa Tuskegee, m'cigawo ca Alabama, caka ca 1881. Iye anafuna munthu wakuda wotsogolera maphunziro a ulimi, ndi malipiro a madola 1,000 pa caka. Ku Alabama kunali kumwera, kumene malamulo analekanitsa akuda ndi oyera m'sukulu ndi m'sitima, ndi kumene zinthu zonga za pa Fort Scott zinacitika kawiri kawiri. Carver anadziwa zonsezi, nabvomera. Anzace a pa Ames anampatsa mphatso ya galasi lokuza zinthu, ndipo anafika pa Tuskegee mwezi wa October 1896.

Cimene anapeza cinali ici. Alimi akuda ambiri analibe nthaka yao. Analima minda ya eni ace, nalipira ndi gawo la zokolola. Eni minda ndi eni masitolo anafuna thonje lokha, cifukwa ndilo linali ndi malonda. Cotero anabzala thonje caka ndi caka pa munda umodzimodzi, kufikira nthaka inaguga, ndi mvula inakumba zigwembe. Zokolola zinacepa, ngongole zinakula, ndipo ana anadya ufa wa cimanga ndi nyama ya mafuta ya nkhumba, nadwala. Pa sukulu pomwe panalibe zipangizo zoyesera; Carver anatenga ophunzira ace kunka ku madzala, natola mabotolo, zitini ndi mawaya, napanga nazo zipangizo zoyamba.

Caka ca 1897 boma la Alabama linalola kuti pa Tuskegee pakhale munda woyesera mbeu, wa maekala 10, nthaka yace yoguga. Carver anaganiza kuti nzeru yofuna ndarama zambiri iri yacabe kwa munthu wosauka. Cifukwa cace anafuna njira zimene mlimi wa ng'ombe imodzi akhoza kutsata. Anaphunzitsa kutuma ana kukatola masamba a m'nkhalango ndi matope a m'dambo, kuziunjika pamodzi ndi ndowe ndi phulusa kufikira zitaola, ndi kuthira manyowawo m'munda. Anaphunzitsanso kusinthanitsa mbeu: caka cino thonje, caka ca mawa khobwe kapena mtedza, ndi kubzala mbatata kuti pakhomo pakhale cakudya.

Cifukwa cace ca kusinthanitsako mukhoza kuciona nokha. Zulani phata la mtedza kapena la khobwe, nimuyang'ane mizu. Mudzaona timibulu tating'ono tomamatira. M'menemo mukhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene titenga cakudya ca zomera, dzina lace naitirojeni, kucokera mu mpweya, ndi kucipatsa comeraco. Thonje ndi cimanga zingocotsa cakudya cimeneci m'nthaka. Koma mbeu za mtundu wa nyemba zidzipezera zokha, ndipo masangwi ndi mizu yace zikaolera m'munda, nthaka itsitsimuka. Sindiye Carver anatulukira cinsinsi cimeneci. Anacipeza anthu anzeru a ku Ulaya m'zaka za 1886 ndi 1888. Nchito yace inali kucicotsa m'mabuku ndi kucifikitsa pakhomo pa wosauka.

Analemba timabuku 44 ta mau osabvuta. Koyamba, ka caka ca 1898, kanaphunzitsa kudyetsa ziweto zipatso za mtengo wa thundu, zimene zinangoola m'nkhalango. Ka caka ca 1916 kanafotokoza kalimidwe ka mtedza ndi njira 105 zoukonzera kuti udyedwe. Pakuti anadziwa kuti mwamuna sabzala cimene mkazi sadziwa kuphika. Ndipo popeza alimi ambiri sanadziwa kuwerenga, caka ca 1906 anakonza gareta wonyamula makasu, mbeu ndi zitsanzo, wogulidwa ndi ndarama za Morris Jesup wa ku New York. Wophunzira wace Thomas Campbell anayenda naye m'midzi, naphunzitsa anthu pa minda yao yomwe.

ZOFOKA ZACE NDI MATSIRIZIRO ACE

Tisayese kuti anali munthu wopanda cirema. Sanadziwa bwino kuyang'anira anchito, ziweto ndi mabuku a ndarama. Anakonda kuyamikiridwa, nakhumudwa msanga akadzudzulidwa. Anakangana ndi Washington kawiri kawiri, nalemba makalata akuti aleka nchito, koma sanacoka. Ndipo caka ca 1910 anamcotsera ulamuliro wa maphunziro a ulimi, namsiyira nchito ya kufufuza. Caka ca 1921 anaitanidwa kulankhula za mtedza pamaso pa akuru a nyumba ya malamulo; anampatsa mphindi 10, koma anamuonjezera nthawi kawiri kawiri, ndipo kuyambira pamenepo dzina lace linabuka. Anthu anamtama kopitirira, monga ngati iye yekha anapulumutsa dziko la kumwera. Zoona zace nzakuti mwa zinthu ngati 300 zimene anapanga ndi mtedza, zowerengeka zokha zinafika pa malonda. Ndipo alimi ambiri anakhalabe m'ngongole, popeza nthaka sinali yao, ndi malamulo sanawacitira cilungamo. Manyowa aciritsa munda, koma saciritsa mlandu wokhota.

Kuyambira caka ca 1907 anaphunzitsa anyamata Mau a Mulungu madzulo a tsiku Lamulungu, zaka ngati 30. Ankabwera ndi duwa kapena mwala m'dzanja, nawasonyeza kuti wofufuza zolengedwa alikuwerenga nchito za Mlengi, ndi kuti nzeru ndi cikhulupiriro sizilimbana. Sanakwatira, anabvala zobvala zakale, nasunga malipiro ace, ndipo asanafe anapereka cuma caceco kuti nchito ya kufufuza ipitirire pa Tuskegee. Anamwalira pa 5 January 1943, naikidwa pafupi ndi manda a Washington.

Tsono, abale, tilingalire. Maphunziro a munthu uyu anapyola m'manja ambiri: a Susan ndi kabuku kace, a Mariah amene anatola mlendo m'khola, a banja lija limene linamva mau ace m'kacisi, a mphunzitsi wa zithunzi. Palibe mmodzi wa iwo anadziwa cimene mwanayo adzakhala. Inu akuru a Mpingo, kodi pamudzi panu palibe wamasiye wanzeru amene waleka sukulu cifukwa ca kusowa pogona kapena ndarama zocepa? Tidzafanana ndi Mariah kodi, kapena ndi a pa Highland? Ndi inu anyamata ndi atsikana a sukulu, musanyoze mtondo, khasu ndi mbiya yocapira, pakuti manja amene anagwira galasi la anzeru anayamba acapa zobvala za eni. Ndipo m'mene mwaphunzira, kumbukilani munda wa amai anu umene waguga, ndi kubwera nazo nzeruzo kwanu. Mulungu atithandize kuti zimene talandira kwa ena, tizipereke kwa ena.